Mwadziwa Bwanji? Buku la Bambo Spee ndi Moto wa Kwathu Kuno

Tsiku lina m'nyengo ya dzinja, kutangoda, ndidamva kugogoda pa chitseko. Nditatsekula ndidapeza agogo ena a m'limana lina la kuno ku Nancholi atagwada pakhonde, chitenje chili chonyowa, kumapazi kulibe nsapato. Masiku atatu m'mbuyomo ndidali nditatsogolera mwambo wa maliro a mdzukulu wawo, kamwana ka zaka zinayi, kamene kadadwala Lachiwiri n'kutisiya Lachinayi. Tsopano usiku uliwonse miyala inkagwa pa malata a nyumba yawo, ndipo ana awo obala okha adali ataleka kuwapatsa moni. Kumjigo ndi kumsika mawu adali atawanda kuti mwana uja adadyedwa ndi agogo ake.

Ndidawalowetsa, ndi kuwapatsa mpando ndi tiyi. Kenaka ndidawafunsa funso limene mpaka lero limandichititsa manyazi. Ndidati, "Agogo, muli pamaso pa wansembe, ndiuzeni zoona. Kodi palibe chimene mukudziwapo pa imfa imeneyi?" Iwo adaika kapu pansi, nandiyang'ana nthawi yaitali, nati, "Nanunso, Bambo?"

Mawu awiri amenewo adandibwezera ku buku lina limene ndidakumana nalo ku seminale, ine n'kuliwerenga mwaulesi ngati nkhani ya azungu akale yosatikhudza. Dzina lake ndi Cautio Criminalis, ndiye kuti chenjezo kwa ozenga milandu, ndipo adalilemba ndi wansembe wa ku Germany, Bambo Friedrich Spee, mu 1631, nkhondo ili m'kati. Ndaliwerenganso mofatsa. Mwezi uno, abale anga, ndifuna tiliunike pamodzi: pamene lili ndi mphamvu, pamene lili lofooka, ndiponso chimene lingatiuze ife a m'makomboni a Blantyre.

Dziko limene bukuli lidabadwiramo

Mu 1517 Martin Luther adayamba kutsutsa poyera zina zimene zinkachitika mu Eklezia, ndipo pasanathe zaka 40 Akhristu a ku Germany adali atagawikana. Dzikolo silidali limodzi monga lili lero. Lidali timaiko mazanamazana, kalikonse ndi mfumu yake, ena mwa mafumuwo ali Aepiskopi, onsewo pansi pa Mfumu Yaikulu imodzi. Mu 1555, mumzinda wa Augsburg, adapangana kuti mfumu iliyonse isankhe pakati pa Chikatolika ndi chiphunzitso cha Luther, anthu ake atsate chimene yasankhacho, wosafuna asamuke. Taganizani kuti Mfumu Kapeni kapena Mfumu Somba ndiyo ikuuzani tchalitchi chokapemphera, inu ndi ana anu. Mtendere wotere udali moto wokwiriridwa ndi phulusa.

Motowo udabuka ku Prague mu 1618, ndipo nkhondo idatha zaka 30, mpaka 1648. Adaiyamba m'dzina la chipembedzo, koma posachedwa idasanduka ya ufumu ndi chuma, kotero kuti France, dziko la Chikatolika limene nduna yake yaikulu idali Kadinala Richelieu, lidathandiza Aprotestanti a ku Sweden kumenya Mfumu Yaikulu ya Chikatolika. Asilikali ambiri adali aganyu, omenyera aliyense wowalipira, ndipo malipiro akachedwa ankadya za m'midzi: kulanda tirigu ndi ng'ombe, kugwirira akazi, kutentha nyumba. Pambuyo pa asilikali pankabwera njala, pambuyo pa njala mliri. Mu Meyi 1631 ankhondo a mbali ya Akatolika adalanda mzinda wa Magdeburg, ndipo anthu pafupifupi 20,000 adafa ndi lupanga ndi moto. Pamene nkhondo inkatha, madera ena adali atataya theka la anthu ake, ena kuposerapo.

M'katikati mwa nkhondo imeneyi mudabuka nkhondo ina, yapakhomo. Kumapeto kwa Meyi 1626 chisanu choopsa chidagwa m'dera la Franconia n'kupha mipesa ndi mbewu za m'minda. Anthu adayamba kufunsana kuti watichita zimenezi ndani, napempha olamulira kuti asake mfiti. Ku Würzburg ndi ku Bamberg, kumene mafumu ake adali Aepiskopi, pakati pa 1626 ndi 1631 anthu mazana ambiri adaphedwa natenthedwa: poyamba amayi osauka, kenaka akazi a anthu olemera, akuluakulu a mzinda, ansembe, ngakhale ana. Ku Bamberg adachita kumanga ndende yapadera ya mfiti mu 1627. Meya wa mzindawo, Johannes Junius, adalembera mwana wake wamkazi kalata mobisa mu Julayi 1628, manja ake ataphwanyidwa, kumuuza kuti zonse zimene adavomera zidali zopeka, adazinena pothawa ululu. Aprotestanti nawonso ankatentha mfiti m'maiko mwawo; pa chokhachi mbali ziwirizi zinkamvana. Akatswiri a mbiri amawerengera kuti ku Ulaya konse anthu pakati pa 40,000 ndi 60,000 adaphedwa pa milandu ya ufiti, pafupifupi theka lawo m'maiko a Ajeremani, ndipo mwa anayi aliwonse atatu adali akazi.

Mlembi ndi mafunso ake

Friedrich Spee adabadwa mu 1591 ku Kaiserswerth, pafupi ndi Düsseldorf. Adalowa chipani cha Ajezuiti mu 1610, nadzozedwa unsembe mu 1622. Adali mphunzitsi wa maphunziro a makhalidwe achikhristu, ndiponso mlakatuli ndi wopeka nyimbo za m'tchalitchi. Buku lakeli lidasindikizidwa ku Rinteln, mzinda wa Aprotestanti, lopanda dzina la mlembi, lopandanso chilolezo cha akuluakulu a chipani chake. Anzake adamzindikira msanga, ndipo padangotsala pang'ono kuti amchotse m'chipani.

Bukuli lili ndi mafunso 51, lililonse ndi yankho lake, monga momwe timaphunzirira katekisimu. Funso loyamba ndi lakuti, kodi mfiti zilipo? Spee avomera mwachidule kuti zilipo, napitirira. Owerenga ena amakono amakhumudwa pamenepa, amati mkuluyu adachita mantha. Ine ndiona kuti m'pamene pagona nzeru ya buku lonse. Akadayamba ndi kukana ufiti akadataya omvera ake pa tsamba loyamba, monga momwe wansembe amatayira akhristu ake akalalika pa maliro kuti ufiti kulibe: amagwedeza mitu mwaulemu, mumtima akuti Bambo adakhalitsa kusukulu. Spee adausiya pambali mkangano umenewo, nafunsa funso lina limene wokhulupirira ndi wosakhulupirira onse ayenera kuliyankha: mayi amene mwamgwirayu, mwadziwa bwanji kuti ndiye mfiti?

Kuchokera pamenepo amayenda ndi mlandu sitepe ndi sitepe, ndipo pa sitepe iliyonse aonetsa kuti woimbidwa mlandu alibe potulukira. Ngati adali wa makhalidwe oipa, ati ndiwo umboni. Ngati adali wopemphera, ati mfiti zimabisala m'tchalitchi. Akanjenjemera pomgwira, ati mtima wake ukumtsutsa. Akalimba mtima, ati Satana ndiye akumlimbitsa. Akathawa ndi wolakwa, akakhala ndiye kuti Satana wammanga miyendo. Mvula ikakuona litsiro siikata. Kenaka amfikitsa kochitira zizunzo, kumpana zala ndi zitsulo, kummanga manja kumbuyo ndi kumkweza m'mwamba pa chingwe. Akavomera, atenthedwa chifukwa wavomera. Akakana, amzunzanso mpaka avomere. Akafera pa chingwepo, ati Satana wampotola khosi kuti asaulule. Spee afunsa oweruza kuti, ngati zili chonchi, munthu wosalakwa angachite chiyani kuti mumkhulupirire? Ngati palibe chimene angachite, ndiye kuti simukuzenga mlandu, mudaweruza kale.

Mfundo yake yachiwiri ndi ya maina. Wozunzidwa sankangovomera zake zokha. Ankakakamizidwa kutchula amene adawaona ku gule wa mfiti. Pofuna kuti chingwe chimasuke ankatchula aliyense wobwera m'mutu, otchulidwawo n'kutchulanso ena. Motero chiwerengero cha mfiti chinkakula, oweruza n'kumati taonani kuchuluka kwake. Spee akuti si Satana amene akuchulukitsa mfitizo, ndi chizunzo. Avomera poyera kuti iye mwini akadaikidwa pa chingwe akadavomera chilichonse, ndipo atsimikiza kuti ansembe a zipani zonse akadachita chimodzimodzi.

Mfundo yachitatu ndiyo idandilasa ine. Spee sadzudzula mafumu ndi oweruza okha, amene ena a iwo ankalipidwa potengera kuchuluka kwa ophedwa. Adzudzulanso ansembe: olalika amene ankakoleza moto paguwa osadziwa zochitika m'ndende, ndi omva kulapa amene ankalowa m'chitolokosi atatsimikiza kale kuti mayiyo ndi mfiti, namuumiriza kuti aulule tchimo limene sadachite, pena kummana Masakramenti mpaka avomere. Iye akuti mwa onse amene adawaperekeza ku imfa, atafufuza bwino, sadapeze ndi mmodzi yemwe amene akadatha kulumbira kuti adali wolakwa. Ndikamawerenga masamba amenewa ndimamva funso langa lija la usiku wa mvula. Ndidalibe chingwe kapena chitsulo, koma ndidachita chimene ankachita ansembe aja: ndidapatsa wonamiziridwa ntchito yodziyeretsa, onamizira n'kuwasiya osawafunsa kanthu.

Moto wa kwathu kuno

Wina anena kuti, Bambo, ife sitidamenyanepo nkhondo ya chipembedzo. Nzoona, ndipo tithokoze Mulungu. Mkatolika, wa CCAP, wa Seventh Day ndi Msilamu amakwera minibasi imodzi kuchokera ku Nancholi kupita m'tauni, ndipo pa maliro amakumba manda amodzi. Koma chimene chidayatsa moto ku Bamberg sichidali kusiyana kwa ziphunzitso kokha. Chidali mantha a anthu amene nkhondo, njala ndi mliri zidawafooketsa, nayamba kufuna munthu wokhala ndi dzina ndi nkhope woti amsenzetse tsoka lawo. Mantha amenewo timawadziwa.

M'zaka za m'ma 1800, nthawi ya nkhondo za Angoni ndi ya ogwira akapolo, amishoni oyamba adalemba za anthu ochuluka amene ankamwetsedwa mwabvi nthawi imodzi: wosanza ndiye wosalakwa, wakufa ndiye mfiti. Lamulo la za ufiti la 1911 lidaletsa mwabvi, lidaletsanso kutchula munthu kuti ndi mfiti. Komabe m'zaka za m'ma 1930, ndalama zitasowa padziko lonse, mchape udabuka cha ku Mulanje n'kufalikira mpaka ku maiko oyandikana nafe, midzi yathunthu ili pa mzere kumwa mankhwala oyeretsa.

Nkhani imene ifanana kwambiri ndi buku la Spee idachitika pafupi ndi ife pompano. Kuchokera kumapeto kwa 1968 mpaka 1970 anthu osachepera 30 adaphedwa usiku m'nyumba zawo m'makomboni a Blantyre, ndipo imfazo zidatenga dzina la Chilobwe. Akuluakulu a kuno akumbukira momwe anthu ankagonera ndi zikwanje kumutu. Apa sipadali maloto. Anthu ankaphedwadi, ndipo owapha adalipodi. Koma taonani chimene mantha adachita. Mphekesera idawanda kuti magazi a ophedwawo ankatumizidwa ku South Africa kukabweza ngongole za boma. Mu 1969 anthu ena adagwidwa nazengedwa ku High Court, koma woweruza adawamasula poona kuti umboni udali wosakwanira. Pulezidenti Banda adakwiya, ndipo chaka chomwecho lamulo lidasinthidwa kuti milandu ya kupha izizengedwanso ku makhoti aja ankatchedwa Traditional Courts, kumene ambiri mwa oweruza adali mafumu, ndipo loya sankaloledwa kuimira woimbidwa mlandu. Oweruza anayi achingelezi a ku High Court adatula pansi udindo. Mu 1970 adagwidwa Walla Kawisa, amene adavomera zina mwa imfazo naweruzidwa kuti aphedwe.

Spee adalemba za chimenechi zaka 338 chisanachitike. Oweruza a nthawi yake ankati ufiti ndi mlandu wapadera, woopsa kotero kuti malamulo a masiku onse sayenera kutsatidwa, ndipo woimbidwa mlandu sayenera kukhala ndi womuimira. Iye adayankha kuti mlandu ukakula, chenjezo liyeneranso kukula, pakuti kulakwitsa kwake ndi moyo wa munthu. Adachenjezanso kuti khomo lotsekulidwira osauka silidzatsekeka pofika akuluakulu. Ku Bamberg moto udayambira pa amayi osauka n'kukafika pa meya. Kwathu kuno makhoti omwe aja ndiwo adaweruza Albert Muwalo, amene adanyongedwa mu 1977, ndiponso Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera mu 1983. Makhotiwo adatha pofika 1994. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mphekesera ya magazi sidafe. Mu 2002, chaka cha njala, kudamveka kuti anamapopa akupopa anthu magazi kuti boma likasinthanitse ndi chimanga. Ansembe atatu a Chikatolika adamenyedwa ku Thyolo poganiziridwa zimenezi, ndipo mu Januwale 2003 Eric Chiwaya, gavanala wa chipani cholamula cha UDF mumzinda uno, adagendedwa ndi gulu la anthu. Mu Januwale 2016 ku Neno, mphenzi itapha mtsikana wa zaka 17, okalamba anayi a m'banja lomwelo adaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo. Mu 2017 anamapopa adamvekanso ku Mulanje ndi ku Phalombe, anthu osachepera asanu ndi atatu adaphedwa, ndipo mu Okutobala chaka chimenecho mnyamata wodwala khunyu adagendedwa natenthedwa muno mu Blantyre. Chisanu cha ku Franconia, njala ya 2002, mphenzi ya ku Neno: tsoka lisintha dzina, koma funso lotsatira ndi lomwelo, ndani watichita? Ndipo chala chimaloza amene alibe womuimira: nkhalamba, wamasiye, mlendo, wodwala.

Tisanyade kuti ife tilibe zingwe ndi zitsulo. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri akatsekeredwa m'chipinda, akuluakulu atamzinga, wina ali ndi mkwapulo, namfunsa usiku wonse kuti amakutenga ndani pa ndege ya ufiti, adzatchula dzina. Adzatchula limene akuona kuti omfunsawo akulifuna. Mneneri kapena sing'anga amene walipidwa kuti apeze wolodza sangabweze ndalama n'kunena kuti sindidapeze munthu. Zimenezi ndizo zizunzo ndi malipiro zimene Spee adazifotokoza, zangovala malaya a kwathu.

Pamene bukuli lili lofooka

Kuyamika buku sikubisa zilema zake, ndipo ili lili nazo zinayi.

Choyamba, Spee adalemba m'Chilatini, kulembera mafumu, oweruza ndi ansembe. Anthu wamba amawatchula ngati gulu la mbuli, odzaza nsanje ndi miseche. Alibe mawu oti auze mayi amene mwana wake wadwala Lachiwiri n'kufa Lachinayi. Komatu kwathu kuno moto suyatsidwa ndi woweruza. Uyatsidwa ndi abale ofedwa ndi anansi. Mayi wofedwa akafunsa kuti chifukwa chiyani mwana wanga, safunsa mwaumbuli. Afunsa funso la Yobu. Kumuuza kuti ndi malungo ndi kumuyankha theka lokha, pakuti iye afuna kudziwa chifukwa chake udzudzu udasankha wake. Amene afuna kuteteza agogo ayenera kuyamba wakhala pansi ndi kulira ndi mayiyo. Pa ichi bukuli silitithandiza.

Chachiwiri, povomera kuti mfiti zilipo Spee adasiya khomo losatseka, ndipo wina angati tingokonza kazengedwe ka milandu, kenaka tipitirire kusaka. Komiti yapadera ya Law Commission, itaunika lamulo la 1911, idalangiza kuti malamulo a dziko lino avomereze kuti ufiti ulipo. Ambiri adaomba m'manja. Koma woliwerenga bwino bukuli adzaona kuti khomolo ndi lopapatiza kuposa momwe lionekera. Khoti lidzalandira umboni wanji? Maloto? Mawu a mwana woopsezedwa? Ula wa sing'anga? Kuvomera kwa nkhalamba imene gulu laizinga? Spee adakana umboni wonse wa mtundu umenewu, ndipo ukauchotsa sipatsala kanthu kozengera munthu. Cholakwa chake n'chakuti mfundo imeneyi sadainene poyera. Adangoisiyira wowerenga wochenjera.

Chachitatu chili pa mlembi mwini. Mu 1628 Spee adatumidwa ku Peine kukabwezera Aprotestanti ku Chikatolika, ntchito imene inkayenda ndi mphamvu za boma, okana n'kumapirikitsidwa kwawo. Adaigwira mwakhama, ndipo mu 1629 munthu wina adamlalira panjira namvulaza mpaka pafupi kufa. Munthu amene adaona bwino lomwe kuti kuvomera kokakamiza n'kwabodza pa mlandu wa ufiti, sadaone kuti n'kwabodzanso pa chikhulupiriro. Eklezia idadzanena zimenezi momveka mu 1965, pa Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, pophunzitsa za ufulu wa chipembedzo. Izi zitichenjeze: munthu atha kupenya ndi diso limodzi, linalo lili lotseka, iye osadziwa.

Chachinayi, bukuli silidazime moto tsiku limodzi. Ku Würzburg ndi ku Bamberg milandu idalekeka pamene Episkopi wina adamwalira, khoti la Mfumu Yaikulu lidalowererapo, ndipo asilikali a ku Sweden adalanda mizindayo mu 1631 ndi 1632. N'zomvetsa chisoni kuti ankhondo achiprotestanti ndiwo adathandiza kuzima moto wa Aepiskopi athu. M'madera ena a Germany anthu adaphedwabe mpaka m'zaka za m'ma 1700. Komabe bukuli lidamasuliridwa m'Chijeremani ndi m'zilankhulo zina, ndipo Johann Philipp von Schönborn, amene adadziwana ndi Spee, atakhala Episkopi wa Würzburg mu 1642 ndi wa Mainz mu 1647, adali mmodzi mwa mafumu oyamba kuletsa milandu imeneyi. Mawu oona amayenda pang'onopang'ono, koma amafika.

Funso loti tipite nalo kunyumba

Ndi zilema zake zonsezi, bukuli ndiliyesa limodzi mwa mabuku achikhristu olimba mtima kwambiri amene wansembe adalembapo, chifukwa mphatso yake ndi funso limene munthu aliyense angathe kulinyamula, wophunzira ndi wosaphunzira yemwe. Silichokera kwa azungu. M'mutu 13 wa buku la Danieli, khamu lidali litatenga kale Suzana kukamupha pa umboni wa akuluakulu awiri, mpaka mnyamata mmodzi adaimitsa ulendowo, nawafunsa mmodzimmodzi kuti adaona zimenezo patsinde pa mtengo uti. M'mutu 13 wa Mateyo, fanizo limene Spee alitchula, mwini munda aletsa antchito ake kuzula namsongole, kuopa kuti angazulire kumodzi ndi tirigu. Ndipo pabwalo la makolo athu, nkhoswe yanzeru sinkagamula isanamve mbali zonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mmawa mwake ndidapita kubanja kuja pamodzi ndi a pampando a limana ndi a mfumu a m'deralo. Titapepesa maliro, ndidapempha kuti ndifunse aliyense payekha. Funso lidali limodzi: mwadziwa bwanji? Wina adati adamva kumjigo. Wina adati adalota agogo ataima kumutu kwa mwana. Mlamu wina adati agogo sadalire pa maliro. Mlongo wake adati adalira mopitiriza, ngati wobisa kanthu. Nditawauza onse pamodzi mayankho awiri otsirizawo, padakhala chete. Kenaka tidapempha kabuku ka kuchipatala ka mwana uja. Mudalembedwa malungo aakulu ndi kuchepa kwa magazi. Bambo a mwanayo adaweramitsa mutu, nanena motsitsa mawu kuti adachedwa naye masiku awiri chifukwa adalibe ndalama ya minibasi. Pamenepo ndidazindikira kuti nawonso adali kuthawa mlandu, mlandu umene mtima wawo unkawazenga usiku, ndipo kudali kopepuka kuusenzetsa mayi wawo owabala.

Sindinganene kuti tidapambana. Miyala idaleka kugwa pa malata, koma moni sadabwerere. Patapita miyezi iwiri agogo aja adamanga katundu wawo napita kumudzi, kwa mwana wawo wina wamkazi. Ndisanawaperekeze pa siteji ndidawapempha kuti andikhululukire funso langa lija. Adaseka pang'ono nati, "Bambo, ndinu mwana, mudzaphunzira."

Bambo Spee adamwalira ku Trier pa 7 Ogasiti 1635, ali ndi zaka 44, atatenga matenda posamalira asilikali ovulala ndi odwala. Nkhondo idapitirira zaka zina 13. Ndakatulo zake zidasindikizidwa mu 1649, iye atagona kale.

Abale anga, m'dera lanu mudzagwa maliro ena odzidzimutsa, ndipo pasanathe masiku atatu dzina lidzayamba kunong'onedwa. Lidzafika kwa inu kumjigo, pa bawo, pa foni, mwina pa mapemphero a limana. Musataye nthawi kukangana ngati ufiti ulipo kapena kulibe. Mkangano umenewo sudapulumutsepo munthu. Funsani wokuuzaniyo kuti wadziwa bwanji, ndipo akakuyankhani, mfunseninso kuti wotchulidwayo angachite chiyani kuti timkhulupirire ngati ali wosalakwa. Mukatero, pitani mukapereke moni kwa wotchulidwayo dzuwa likuswa mtengo, anansi akuona, ndipo Lamulungu mukakhale naye pa benchi imodzi. Malo amene ankakhala agogo aja, kutsogolo pafupi ndi khoma, ndimawaona nthawi zonse ndikatembenuka kupereka mtendere wa Ambuye.